Amene amatigulitsira katundu m'mashopu azitilembera lisiti

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinene za vuto limene likutidya mwakachetechete ife amene timapanga zinthu ndi manja athu koma tilibe pogulitsira m'tauni. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Santhe kuno ku Kasungu, ndipo ndakhala pa makina osokera kwa zaka 13. Makina anga ndi opalasa ndi phazi, amakhala pakhonde. Ndimasoka madiresi a ana, mayunifolomu a sukulu ndi zikwama za chitenje.

Kumudzi anthu amasoketsa pa Khirisimasi, pa ukwati ndi pamene sukulu zikutsegulira. Miyezi inayo makina amangochita fumbi. N'chifukwa chake ambiri timasokeratu katundu n'kukamusiya m'shopu ya munthu pa Boma kuti atigulitsire. Uku si kuodetsa ayi. Wooda amalipira pompo, katundu n'kukhala wake, aole asaole ndi zake. Koma pa mgwirizano wathuwu mwini shopu satulutsa ngakhale tambala. Amalandira katundu, amamuika pashelefu, akagulidwa amachotsapo yake n'kukupatsa yako, ndipo wotsala umakatenga. Amachita zimenezi si osoka okha. Akalipentala amasiya mipando ndi matebulo, amayi ena amasiya chiponde ndi uchi, osula amasiya makasu ndi mbaula, ndipo ena akapanikizika amasiya firiji, njinga kapena wailesi ya m'nyumba kuti iwagulitsikire.

Mu Juni 2023, msika wa fodya uli mkati ndipo ndalama ikuyenda m'tauni, ndinanyamula chikwama chachikulu ulendo wa pa Boma. Munali madiresi a ana 20 ndi zikwama 15. Mu Ogasiti ndinawonjezera mayunifolomu 12 poona kuti sukulu zitsegulira mu Seputembala. Tinagwirizana ndi bambo a shopu ina kuti pa diresi iliyonse ine ndizilandira K6,000, pa chikwama K4,000, pa yunifolomu K5,000, ndipo iwo aziikapo K1,000 pamwamba ngati yawo. Yonse pamodzi yanga inali K240,000. Kuti ndigule nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani ndinali nditakongola K100,000 ku banki m'khonde ya gulu lathu la amayi.

Bambo a shopuwo ndinawadziwa kudzera mwa mlamu wanga. Pamene ndinatulutsa kope langa kuti tilembe chiwerengero cha katunduyo n'kusainirana, anaseka pang'ono nati, "Mayi, ife ndi anthu amodzi. Zolemberanazi n'za anthu osakhulupirirana. Inu bwerani kutha kwa mwezi mudzatenge ndalama yanu." Ndinachita manyazi. Ndinaona ngati ndawanyoza m'shopu mwawo momwe. Ndinalemba ndekha m'kopemo, iwo osasaina, n'kubwerera kwathu ndili wosangalala kuti katundu wanga wapeza khomo.

Kutha kwa Julayi ndinapita. "Mayi, zinthu sizikuyenda, anthu akulira ndalama." Kutha kwa Ogasiti anandipatsa K20,000, ati zagulidwa zikwama zisanu zokha. Mu Seputembala sindinawapeze. Mtsikana wogulitsa anati abwana achokapo, apita kukaoda katundu ku Lilongwe. Nditayang'ana pamene pankalendewera madiresi anga ndinawerenga asanu ndi limodzi. Ndinafunsa kuti enawo ali kuti. Mtsikanayo anayang'ana pansi nati, "Amayi, ena ali kustolo, makiyi ali ndi abwana." Mwana uja sindimuimba mlandu. Anali waganyu, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akunena zimene anauzidwa. Dziwani kuti ulendo uliwonse wotere ndimalipira thiransipoti kupita ndi kubwera, ndimasiya makina tsiku lonse, ndipo ana amadya mochedwa.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika mu Okutobala, kutangotsala masiku ochepa kuti lifike Tsiku la Anakubala. Ndinali kudepoti pa Boma kudikira kuti galimoto idzaze. Pafupi nane panakhala mayi wina ndi kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kakudya mandasi. Kanavala diresi ya chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Mtima unagunda. Diresi imeneyo ndinaisoka usiku ndikuunikira tochi, ndipo mabatani achikasu anandithera atatsala limodzi, ndiye lakumunsi kwenikweni ndinaika loyera. Ndinayang'ana kumsana kwa mwanayo: atatu achikasu, limodzi loyera. M'khosi munali mutayamba kale kusuluka, kusonyeza kuti yachapidwa kambirimbiri.

Ndinapereka moni n'kufunsa mwaulemu, "Asisi, pepani, kadiresi kamwanaka kandisangalatsa, munakagula kuti?" Ananditchulira shopu yomwe ija. Anati anagula mu Julayi amuna awo atalandira ndalama ya fodya, pa K9,500, ndipo anatenga awiri, ina ya mwana wa mchemwali wawo. Anayamikira kuti msoko wake ndi wolimba. Ndinangoti zikomo. Sindinawauze kuti wosokayo ndine, chifukwa pakhosi panali patatsekeka. Mu Julayi momwemo ndi mmene ndinauzidwa kuti zinthu sizikuyenda.

Ndinatsika galimoto ija n'kubwerera kushopu. Tsiku limenelo ndinawapeza. Sanakane. Anati, "Mayi, musatenge zinthu ndi phuma. Ndalama yanu ilipo, kungoti ndinaodera katundu wina. Akangoyenda ameneyu ndikupatsani yonse pakamodzi." Akonzi, apa ndiye pagona nkhani. Munthuyu sanaswe chitseko cha nyumba yanga, sananditsomphole chikwama. Anangotenga mpamba wanga n'kuyendetsera shopu yake, popanda kundipempha, popanda chiwongoladzanja, pamene ine mwezi ndi mwezi ndinkapereka chiwongoladzanja ku banki m'khonde pa ndalama yomweyo. Mtengo anakweza yekha osandiuza, ya pamwambayo n'kulowa m'thumba mwake. Ndipo zoterezi ambiri sazitcha kuba. Amati ndi mmene bizinesi imayendera.

Wina afunsa kuti bwanji sindinalusepo tsiku lomwelo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndalama yanga inali m'manja mwawo, katundu wanga wotsala analinso m'manja mwawo. Ukalalata, amakuuza kuti pita kulikonse kumene ukufuna, ndipo sudzaonanso kanthu. Ndiye umanyengerera munthu amene wakulakwira, umamupatsa moni wa ulemu, umamuthokoza akakuponyera K15,000 pa Airtel Money ngati wakuchitira chifundo. Pofika kumapeto kwa chaka ndinali nditalandira K55,000 yokha, m'zidutswa zitatu. Pakati pomwepo, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Chitenje, ulusi ndi mazipi zinakwera m'masiku ochepa. Ngakhale akanandipatsa K185,000 yotsalayo mu Disembala, sikanagulanso nsalu imene ikanagula mu Julayi. Kuchedwetsa ndalama ya munthu m'dziko lino ndi kumudyera gawo la ndalamayo.

Mu Januwale 2024, mvula ili pakati, chimanga m'nyumba chikutha, ndinapeza shopu ija yotseka ndi loko wamkulu watsopano. Pakhonde panali anthu atatu amene sindinkawadziwa. Bambo wina kalipentala anasiyamo mipando isanu ndi umodzi ndi tebulo. Mayi wina wachikulire anasiyamo mabotolo a uchi. Mnyamata wina anasiyamo firiji ya malemu mayi ake kuti apeze fizi ya mng'ono wake. Tonse tinkasuzumira pa kampata ka zenera, aliyense kufunafuna chake. Ine ndinaona mayunifolomu anga atatu ali pansi pa kauntala atachita fumbi. Mwini nyumba atabwera anati munthuyo wathawa ndi lendi ya miyezi inayi, ndipo chilichonse chili m'katimo ndi chikole chake mpaka ndalama yake itaoneka. Kalipentala uja anati, "Bwana, mipandoyo ndi yanga, ndinakhoma ndekha." Yankho linali lakuti, "Umboni wake uli kuti?"

Funso lomwelo ndinakumana nalo kulikonse kumene ndinakadandaula. Anandilandira bwino, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Mayi, pali chimene munalemberana?" Ndinatulutsa kope langa. Munali dzanja langa lokha. Anandilangiza kuti ndikhoza kukasuma kukhoti ngati nkhani ya ngongole, koma woti ndimusumireyo sakudziwika kumene ali, nambala yake sikupezeka, ndipo maulendo ochoka kwa Santhe kukatsatira mlandu akanadya ndalama ina imene ndinalibe. Ngongole ya kugulu ndinabweza nditagulitsa mbuzi ziwiri.

Njira yochoka kwathu kupita pa Boma imadutsa pa Chinkhoma, pamene pali okushoni ya fodya. Mchimwene wanga ndi mlimi wa fodya, ndipo ndaona mmene zimayendera. Nayenso amapereka katundu wake m'manja mwa anthu ena kuti amugulitsire, koma belo lililonse limakhala ndi tikiti yake ndi nambala ya mlimi. Limayezedwa kulemera, limalembedwa, ndipo likagulidwa mlimi amalandira chipepala chosonyeza makilogalamu, mtengo, zimene zadulidwa ndi zimene zatsala, ndalama n'kulowa kubanki. Alimi amadandaula za mitengo ndi zodulidwa, ndikudziwa, koma amadandaula atagwira pepala m'manja. Amatha kuloza kuti belo langa ndi ili, linalemera chonchi. Ndikadutsa pamenepo ndimadzifunsa kuti, ngati zikutheka ndi mabelo miyandamiyanda, zingakanike bwanji ndi madiresi 20 m'shopu ya chipinda chimodzi?

Sindikupempha zinthu zapatali. Choyamba ndi lisiti. Aliyense wolandira katundu wa mnzake kuti amugulitsire akakamizidwe kulemba m'buku la malisiti la kaboni, limene limagulitsidwa m'sitolo za mabuku pa Boma pomwepa. Palembedwe tsiku, dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika ya onse awiri, mtundu ndi chiwerengero cha katundu, mtengo wogulitsira, gawo la mwini shopu, ndi tsiku lolipirana. Onse asaine, wosatha kulemba adinde chala pamaso pa mboni, pepala lapamwamba lipite ndi mwini katundu. Likhale lamulo, osati chifundo cha mwini shopu. Izi ndikuzinenetsa chifukwa cha manyazi amene ndinachita tsiku lija. Pachikhalidwe chathu kupempha munthu wamkulu kuti asaine kumaoneka ngati ukumuyesa wakuba. Koma likakhala lamulo, palibe wonyozeka. Ungoti, "Bambo, tilembe, paja akhonsolo amafuna choncho," nkhani n'kutha.

Ndalama ya katundu wogulidwa iikidwirenso malire a masiku. Ine ndikanati masabata awiri chigulitsireni, koma odziwa akhoza kukambirana. Chachikulu n'chakuti ndalama imeneyo izindikirike kuti si ya shopu. Mwini shopu akufuna kuodera katundu, apemphe ngati ngongole, mwini wake avomere kapena akane. Masiku ano palibenso chifukwa choti munthu adikire kutha kwa mwezi n'kukwera galimoto kukatenga K12,000. Pali Airtel Money, pali Mpamba. Diresi yagulidwa m'mawa, madzulo ndalama yalowa pafoni, ndipo uthenga wa pafoniwo ukhala umboni wa onse awiri. Mtengo nawo usasinthidwe mwakabisira. Ngati diresi yanga ikutha kugulidwa pa K9,500, ndi nkhani yabwino, koma tikambirane n'kugawana, chifukwa amene anagona mochedwa pa makina ndine.

China chimene chinandiwawa kuposa ndalama ndi loko uja. Zimveke poyera kuti katundu wosiyidwa ndi wa womusiya mpaka atagulidwa. Shopu ikatsekedwa chifukwa cha lendi, ngongole kapena imfa ya mwini wake, wobwera ndi lisiti atenge chake. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofuna lendi yake, sindikutsutsa, koma aifune kwa amene anachita naye lendi, osati pa firiji ya mwana wamasiye.

Tsono ndani angayendetse zimenezi? Ndikuona kuti makhonsolo ali kale ndi chogwirira. Shopu iliyonse imayenera kukhala ndi layisensi ya bizinesi, ndipo antchito a khonsolo amayenda kale m'misika ndi m'mashopu kutolera ziphaso. Khonsolo ya tauni ya Kasungu ndi khonsolo ya boma zikhoza kuika ndime yakuti wogulitsa katundu wa anthu ena azilembetsa choncho potenga layisensi, ndipo buku lake la malisiti lizionedwa pokonzanso layisensiyo. Amene wapezeka kuti wadya ndalama za anthu asapatsidwenso layisensi, kaya wasintha dzina la shopu kaya wasamukira ku Chamama, ku Nkhamenya kapena kwa Kamwendo ku Mchinji. Pajatu n'zimene amachita. Amatseka kuno, n'kukatsegula kwina ndi penti watsopano. Makomiti a m'misika, amene amaweruza kale timilandu ta malo ogulitsira, apatsidwe mphamvu yoitanitsa onse awiri ndi malisiti awo nkhani isanafike patali. Makhansala athu, nkhani ngati imeneyi ndi imene tinakusankhirani.

Ndimamva pa wailesi bungwe la Competition and Fair Trading Commission likuchenjeza amalonda obera ogula, ndipo bungwe la CAMA lakhala likuyankhulira ogula kwa zaka zambiri. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndiponso mu 2024 kunabwera lamulo latsopano loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo ndikuiyamikira. Pempho langa n'lakuti atembenukirenso kwa ife amene tili kuseri kwa shelefu. Mayi uja wa kudepoti anali wogula, ndipo anapita kwawo ndi diresi yolimba. Amene anatsala manja ali m'khosi ndi amene anaisoka. Ngati m'malamulowa muli kale ndime zotiteteza, zilengezedwe m'Chichewa pa mawailesi a m'madera, kuti mayi wa uchi uja azidziwe asanasiye mabotolo ake.

Ndisanamizire eni mashopu onse. Alipo okhulupirika, ndipo popanda iwo ife akumudzi sitikanafikira ogula a m'tauni. Amalipira lendi, magetsi, mlonda ndi wogulitsa, ndiye gawo lawo ndi loyenera. Ena andiuza kuti akuopa malamulo atsopano chifukwa nthawi zambiri amabwera ndi msonkho watsopano. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, ndipo nanenso ndikuti pasakhale chiphaso china cholipira, chifukwa mtengo wake udzagwera ife tomwe, kapena mashopu adzangosiya kulandira katundu wathu. Koma buku la malisiti limawatetezanso iwowo. Alipo osiya katundu amene amasiya mipando inayi n'kudzati inali isanu ndi umodzi. Alipo obweretsa foni kapena njinga yakuba, apolisi akafika wogwidwa n'kukhala mwini shopu. Dzina ndi nambala ya chiphaso zikalembedwa, wakuba aganiza kawiri asanalowe. Ndipo uchi ukatayika kapena nsalu ikadyedwa ndi makoswe, pepala lomwelo linene kuti woluza ndani. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ana anga amandiuza kuti ndizijambula katundu n'kumaika pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndisamadalire shopu ya munthu. Ndayesa, ndipo zikwama zingapo zayendadi choncho. Koma mayi wogula diresi ya mwana amafuna aigwire, akoke msoko, amuyese mwanayo. Bandulo ndi ndalama, ndipo si onse osula makasu ali ndi foni yojambula. Mashopu tiziwafunabe.

Anzanga osoka, oluka, okhoma ndi osula, pamene tikudikira akhonsolo, tisachitenso manyazi amene ndinachita ine. Panopa katundu wanga ndimasiya kwa mayi wina pafupi ndi msika waukulu pa Boma. Tsiku loyamba ndinafika ndi buku langa la malisiti, mtima uli m'mwamba kuti mwina andibweza. Anangotenga cholembera, tinawerenga madiresi limodzi limodzi, anasaina, ine n'kusaina. Sindisiya zoposa khumi pakamodzi, ndipo m'khosi mwa chovala chilichonse ndimasokeramo kansalu kokhala ndi nambala yofanana ndi ya pa lisiti. Loweruka lililonse amanditumizira ndalama ndi manambala a zimene zagulidwa.

Kalipentala uja ndinakumana naye mwezi wathawu. Mipando yake sanaionenso, ndipo anasiya kukhoma za m'nyumba, pano amangodikira maoda a zitseko. Anandipempha kuti ndikalemba kalatayi ndimutchulemo. Ngati makhansala a ku Kasungu angaitanitse msonkhano pa nkhaniyi, ine ndi iyeyo tidzabwera, ndipo kope langa lija ndidzalitenga.

Mayi wosoka zovala,
Santhe, Kasungu